Laputopu yaima pa grub rescue? Musafomate kaye

Sabata yatha kunabwera aphunzitsi ena ku shopu kwanga kuno ku Nchalo, atakwera minibasi kuchokera cha ku Ngabu, thukuta lili kamukamu, laputopu ya HP yakalekale ataikulunga m'chitenje. Titaiyatsa sikirini inangoti bii, pamwamba timawu toyera takuti error: no such partition, pansi pake grub rescue ndi kamzere kophethira basi. Iwo nkhope yagwa, amvekere achimwene mayeso a Fomu 3 onse ali mommuno, mamakisi a temu yonse ali mommuno, ndiye mnyamata wina wandiuza kuti palibe kuchitira mwina koma kufomata. Ndinawauza kuti aphunzitsi khalani pansi mumwe madzi kaye, mayeso anu sanapite kulikonse.

Nkhani yake inali yoti mwana wa mlongo wawo amene amaphunzira za makompyuta ku Blantyre anawaikira Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, system ina yoyendetsa kompyuta, pambali pa Windows nthawi ya holide, iwo osaigwiritsa ntchito n'komwe, ndiye tsiku lina malo atachepa anatsegula Disk Management nkuona chigawo china cha disiki chopanda dzina, chopanda chilembo ngati C kapena D, nkuganiza kuti ndi malo ongokhala, nkuchifufuta. Chigawo chimenecho ndi momwe munali Ubuntu, ndipo m'menemonso munali theka la kapulogalamu kamene kamayatsa makina onse.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mukadina batani loyatsira, Windows sayamba yekha ayi. Choyamba imadzuka ndi pulogalamu ya pa bodi penipeni, pa makina akale ndi BIOS, pa atsopano ndi UEFI, ndipo ntchito yake ndi kufufuza kuti ndipereke kwa ndani. Amene amalandira ndiye boot loader. Wa Windows dzina lake Windows Boot Manager, wa Linux nthawi zambiri ndi GRUB, uja amakuonetsani mndandanda kuti musankhe Ubuntu kapena Windows. Ine ndimawauza makasitomala kuti GRUB ali ngati chikwangwani cha pa Thabwa paja msewu umapatukira ku East Bank wina nkupitirira kuwoloka Shire kulowera ku Dyeratu. Mphepo ikagwetsa chikwangwani, Makhuwira sanasamuke, Nchalo sanasamuke, kungoti mlendo sadziwa kolowera. Kufomata chifukwa cha grub rescue ndiye kugumula midzi yonse iwiri chifukwa chikwangwani chagwa.

Musanagwire chilichonse dziwani kaye kuti makina anu ndi a mtundu uti. Akale a BIOS amagwiritsa ntchito MBR, kamalo kakang'ono kwambiri koyambirira kwa disiki, ma byte 512 okha, ndipo oyatsira makina amangopatsidwa 446. GRUB sangakwanemo yense, ndiye amaikamo mutu wokha, thupi lili mu foda ya /boot/grub mkati mwa chigawo cha Linux. N'chifukwa chake aphunzitsi aja atafufuta chigawo chija mutu unatsala ukuitana thupi lomwe kulibe. Komanso malowo ndi amodzi, woika pomaliza ndi amene amakhala mwini, mukaika Windows pambuyo pa Linux amangolemba pamwamba osafunsa. Makina a UEFI, amene anachuluka kuyambira nthawi ya Windows 8 mu 2012, ali ndi kachigawo kapadera ka FAT32 kotchedwa EFI, kawirikawiri ka 100MB kapena kupitirira pang'ono, ndipo mmenemo aliyense ali ndi foda yake, Microsoft yake, ubuntu yake. Pamenepa sipakhala kufufutana kwenikweni, mkangano umangokhala woti ayambe ndani. Kuti mudziwe, mu Windows dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani msinfo32, yang'anani pa BIOS Mode, palembedwa Legacy, kutanthauza BIOS yakale ija, kapena UEFI.

Vuto limene ndimalandira kwambiri ndi losavuta kuposa onse, loti dzulo mndandanda umabwera, lero makina akungothamangira ku Windows. Pa UEFI nthawi zambiri GRUB ali bwinobwino, wangokankhidwira kumbuyo pa mzere. Zimitsani, yatsani, nthawi yomweyo muzidina batani la boot menu mobwereza: pa HP ndi F9, pa Dell F12, pa Lenovo F12 kapena kabatani kakang'ono ka Novo kam'mbali kaja, pa Asus Esc. Mukaona ubuntu pa mndandanda sankhani, mwalowa. Kuti zikhazikike lowani mu setup, pamene mumasinthira za BIOS kapena UEFI, F10 pa HP, F2 pa Dell ndi Acer, mukweze ubuntu akhale pamwamba pa Windows Boot Manager nkusunga. Linux Mint, mtundu winanso wa Linux, nayenso amalembedwa kuti ubuntu pamenepo, musadabwe.

Koma ngati mwakonza lero mawa zabwereranso, ndipo nthawi ya pa kompyuta ikubwerera ku chaka chakale, musalimbane ndi GRUB, wolakwa ndi kabatire ka pa bodi, kozungulira ngati kobiri, pa madesikitopu ndi CR2032. Kameneka ndi kamene kamasunga nthawi ndi zina za setup magetsi akathima, ndiye kakatha, pa makina ambiri setup imabwerera momwe inachokera ku fakitale. Makompyuta ambiri kuno ndi a kaunjika, anagwira kale ntchito zaka kunja asanafike, kuphatikiza kutentha kwathu kuno kwa Okutobala ndi Novembala kopitirira madigiri 40, mabatire sakhalitsa. Ndinakonzapo desikitopu ina ya ku ofesi katatu konse ndisanazindikire, manyazi ndinachita ndekha.

Tsopano grub rescue ija. Ngati chigawo cha Linux chikadalipo, mwina munangochichepetsa kapena kuwonjezera chigawo china manambala nkusintha, mutha kulowa ndi manja. Lembani ls nkudina Enter, pabwera maina a zigawo za disiki yanu ngati (hd0,gpt1) (hd0,gpt2) mpaka kumapeto, pa makina akale ndi msdos m'malo mwa gpt. Yesani chimodzichimodzi, ls (hd0,gpt5)/ osaiwala kamzere kopendekeka ka kumapetoko, mpaka mutapeza chimene chikuonetsa boot, etc, home. Zina ziyankha kuti unknown filesystem, musaope, ndi za Windows zimenezo. Mukachipeza, tinene kuti ndi gpt5, lembani izi mzere umodziumodzi:

set root=(hd0,gpt5)
set prefix=(hd0,gpt5)/boot/grub
insmod normal
normal

Mndandanda uja ubwera. Koma apa mwangolowera pa zenera, mukazimitsa mubwerera pomwe paja, ndiye mukangolowa mu Linux tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, lembani lsblk muone dzina la disiki yanu, kenako sudo grub-install /dev/sda nkumaliza ndi sudo update-grub. Onetsetsani kuti ndi sda yopanda nambala, disiki yonse, osati sda1 kapena sda5, ndipo ngati muli ndi SSD ya NVMe dzina lake likhala nvme0n1. Osangokopera zomwe ndalemba ine, disiki yanu siyanga.

Amene mumadana ndi zolembalemba, pali Boot-Repair. Mumayatsa makina kuchokera pa fulashi ya Linux, nkutsegula pulogalamuyo, nkudina Recommended repair. Ine ndimayenda ndi fulashi ya Linux Mint chifukwa Boot-Repair imabwera ili kale momwemo, pomwe pa Ubuntu mpaka muidawunilode, komanso fayilo ya Ubuntu ya masiku ano imapitirira 5GB, ndi netiweki ya kumudzi kwathu cha ku Tengani mutha kugona nayo bandulo nkuthera panjira. Chinthu chimodzi chimene chimapweteketsa anthu: pa boot menu fulashi imodzi yomweyo imatha kuoneka kawiri, pena ndi mawu oti UEFI kutsogolo pena popanda. Sankhani yofanana ndi momwe Windows wanu anaikidwira. Mukasakaniza, Windows pa UEFI Linux pa Legacy, GRUB sadzamuona Windows ngakhale mupange update-grub kakhumi.

Ndipo kusowa kwa Windows pa mndandanda kuli ndi chifukwa chinanso. Kuyambira GRUB 2.06 ya mu 2021, kapulogalamu kofufuza ma system ena, os-prober, kamabwera kozimitsa pa ma Linux ena. Tsegulani fayilo ya /etc/default/grub ndi sudo nano, onjezerani mzere wakuti GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false, sungani, sudo update-grub, muona palembedwa Found Windows Boot Manager. Kwinaku lowani mu Windows muzimitse Fast Startup, ili mu Control Panel pa Power Options. Chinthu chimenechi chimapangitsa kuti mukadina Shut down Windows asazime kwenikweni, amangogona disiki ataigwirabe, ndiye Linux amakana kulembamo kapena kuitsegula kumene. Ine ndimachizimitsa pa makina aliwonse a ma system awiri osafunsa mwini wake, masekondi ochepa amene chimapulumutsa sakufanana ndi mutu umene chimapweteketsa.

Kwa aphunzitsi aja njira zonsezi sizikanathandiza poti Ubuntu anali atapita, ndipo iwo sankamufunanso. Chofunika chinali kubwezera Windows mpando wake. Ndinayatsa ndi fulashi ya Windows, pa sikirini yachiwiri osadina Install ayi koma Repair your computer, Troubleshoot, Command Prompt, nkulemba bootrec /fixmbr. Basi. Makina awo anali a Legacy, lamulo limenelo limangolembanso ka MBR kaja osakhudza mafayilo. Sipanathe mphindi 20 Windows anayaka, foda ya mayeso ili pomwe anaisiya pa Desktop, iwo kuseka mpaka kundigwira dzanja ndi manja awiri. Akanakhala makina a UEFI ndikanangokweza Windows Boot Manager mu setup, ndipo mafayilo ake oyatsira akanakhala owonongeka ndikanagwiritsa ntchito diskpart kupatsa chigawo cha EFI chilembo, tinene S, kenako bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI. Koma diskpart ndi mpeni wakuthwa, muli lamulo lina lakuti clean limene limasesa disiki yonse osakufunsani kuti mukutsimikiza, ngati simunazolowere pamenepa pitani kwa wodziwa.

Za Secure Boot, chitetezo cha mu UEFI choletsa boot loader yosavomerezeka kuyamba, ndinenepo pang'ono. Mu Ogasiti 2024 apudeti ina ya Windows inatsekereza ma Linux ambiri pa makina a ma system awiri, pa sikirini pamabwera Verifying shim SBAT data failed: Security Policy Violation makina nkuzima. Cholinga chinali kuletsa ma GRUB akale okhala ndi chibowo cha chitetezo, koma inagwira ndi osalakwa omwe. Mukakumana nazo, makamaka ngati mukuyatsa ndi fulashi yakale, zimitsani Secure Boot mu setup, lowani mu Linux, pangani apudeti yonse kuti GRUB ndi shim, kapulogalamu kamene kamayambitsa GRUB pa Secure Boot, zikhale zatsopano, kenako muyatsenso. Koma chonde musanasinthe chilichonse mu setup onani ngati BitLocker, loko ya Windows yokhomera disiki, ili yoyatsa. Malaputopu ambiri a Windows 11 amabwera disiki ili yokhoma kale mwini wake osadziwa, mukangosintha Secure Boot imakufunsani kiyi ya manambala 48, ndipo kiyi imeneyo ngati mulibe palibe fundi wa ku Nchalo, ku Limbe ngakhale ku Johannesburg angakutsegulireni. Nthawi zambiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft, ilembeni pa pepala. Ngati laputopu munagula kwa munthu ndipo akaunti ndi yake, mufunseni lero lomwe akadali kuyankha foni.

Kena kakang'ono kamene anthu amandiimbira nako usiku: mukachoka ku Linux kulowa Windows nthawi imabwerera m'mbuyo ndi maola awiri. Si batire, si vayirasi. Linux amasunga pa bodi nthawi ya UTC, imene maiko onse amawerengerapo nthawi yawo, Windows amayesa kuti ndi nthawi ya kuno, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Mu Linux lembani sudo timedatectl set-local-rtc 1, mukonze nthawi kamodzi mu Windows, zatha.

Ndikuona kuti milandu imeneyi ichuluka, poti Windows 10 anasiya kulandira apudeti wamba pa 14 Okutobala 2025 ndipo makina ambiri a kaunjika alibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 amafuna, ndiye achinyamata ayamba kuikira makolo awo Mint pambali. Ndi nzeru yabwino, koma yambani Windows kenako Linux, kopelani mafayilo ofunika pa fulashi musanadule disiki, ndipo musayambe ntchito imeneyi batire ya laputopu ili yakufa, magetsi akathima muli pakati posuntha chigawo ndiye pamene mafayilo amapitadi. Mukamaliza muwaonetse eni ake chigawo chopanda dzina chija, muwauze kuti ichi musakhudze. Aphunzitsi aja ndinawakulitsira D ndi malo amene anatsala aja, ndipo mayeso tinawakopera pa fulashi asanakakwere minibasi yobwerera ku Ngabu.