Nyimbo ya Malbrough: maliro a munthu wamoyo

Pa 11 Seputembala ndi tsiku lokumbukira nkhondo ya ku Malplaquet, kamudzi ka kumpoto kwa France pafupi ndi malire a Belgium. Ndipo n'kovuta kutchula Malplaquet osautsa mkangano wakale wa nyimbo imene ana a ku France amaimbabe mpaka lero, "Malbrough s'en va-t-en guerre". Anaipeka ndani, ndipo chifukwa chiyani ikuika m'manda munthu amene anali akupumabe?

Malbrough ndi John Churchill, Duke wa Marlborough, mkulu wa asilikali a ku Britain pa nkhondo yolimbirana ufumu wa Spain. Mu 1709 iye ndi Prince Eugene wa ku Savoy anakumana ndi gulu la France lotsogozedwa ndi kazembe wankhondo Villars. Chaka chimenecho France inali itagwada kale: chisanu choopsa chinapha tirigu m'minda, njala n'kulowa m'midzi ngakhale m'misasa ya asilikali. Pofika madzulo a tsikulo Afalansa anabwerera m'mbuyo, Villars atavulala bondo. Marlborough anapambana, inde, koma mbali yake inataya anthu oposa 20,000, akufa ndi ovulala, kuchuluka kwake kuposa a mbali yogonjayo kutalitali. Mbiri yofala imati mphekesera inayenda m'misasa kuti mdani wamkulu uja wafa, wina n'kuisandutsa nyimbo.

Nyimboyo ndi chipongwe chovala zamaliro. Mkazi wa Malbrough akudikira mwamuna wake, Pasaka ikudutsa, chikondwerero cha Utatu Woyera chikudutsanso, bambo osaoneka. Akukwera pansanja, n'kuona mnyamata wantchito akubwera atavala zakuda. Pamaliropo akuluakulu anayi a asilikali akuperekeza mtembo: wina wanyamula chachitsulo choteteza pachifuwa, wina chishango, wina lupanga lalikulu, wachinayi chimanjamanja. Wachinayiyu ndiye amandiuza kuti anthu osauka, ogonja ndi anjala aja anali asanataye mtima. Mwini dzinalo anadzamwalira pa mphasa yake ku England mu Juni 1722, patapita zaka pafupifupi 13.

Koma nkhani ya m'misasayi ili ndi vuto lake. Kwa zaka zoposa 70 nyimboyi sikumveka kwenikweni m'zolembedwa. Pamene inatulukira poyera ndi ku Versailles, kunyumba yachifumu ya France, ndipo apa m'pamene ine ndimaona kuti panagona nkhani yonse. Mu Okutobala 1781 Mfumukazi Marie Antoinette anabereka mwana wamwamuna woyembekezeredwa kulowa ufumu, Louis-Joseph, ndipo anamupezera mayi womuyamwitsa, Geneviève Poitrine, munthu wamba wochokera kumudzi. Mayiyu ankagoneka khandalo ndi nyimbo ya Malbrough. Mfumukazi inaimva n'kuikonda, mwamuna wake Mfumu Louis XVI nayenso, ndiye chimene akonda amfumu ndani angachikane? Paris yonse inaitola. Dzina la Malbrough linapatsidwa zipewa, nsalu ndi zina zamalonda. Wolemba masewero Beaumarchais anatenga maimbidwe ake n'kuwaika m'kamwa mwa mnyamata wantchito Chérubin mu sewero la Le Mariage de Figaro, limene linaonetsedwa poyera mu 1784. Mlembi wa ku Germany Goethe, ali paulendo ku Italy zaka zochepa pambuyo pake, anaipezanso komweko ikuimbidwa m'misewu.

Ena safuna kuti ulemu upite kwa asilikali wamba ndi amayi akumudzi. Mlembi wa ku France Chateaubriand ndi amene anafalitsa maganizo akuti maimbidwe ake ndi akale kwambiri, a nthawi ya nkhondo za akhristu zolanda Yerusalemu. Ndi nkhani yokoma m'khutu, koma umboni wake ndi wakuti iye anamva zofananako ali paulendo kummawa, basi. Cholemerapo ndi mfundo ina: pali nyimbo yonyoza maliro a François, Duke wa Guise, amene anaphedwa mu 1563 pafupi ndi Orléans, ndipo namonso muli anthu onyamula zida za malemu pamaliro. Ngati imeneyi ndiyo yoyamba, ndiye kuti a 1709 anangosintha dzina pa nyimbo imene ankaidziwa kale. Akatswiri sagwirizana kuti yabadwa poyamba ndi iti. Kwa ine ngakhale zitatero sizichepetsa kanthu, chifukwa nkhani zonse ziwirizi zikusonyeza kuti nyimboyi inkayenda pakamwa pa anthu osalemba mabuku, ndipo Mayi Poitrine anafika nayo kunyumba yachifumu ili m'mutu.

Zotsatira zake ndi zodziwika. Ku Spain ana amaimba za Mambrú, amene ndi Malbrough yemweyo. Mu 1813 Beethoven, polemba nyimbo yotamanda kupambana kwa kazembe wankhondo wa Britain, Wellington, pa Afalansa ku Vitoria, anagwiritsa ntchito maimbidwe a Malbrough kuimira asilikali a France. Angerezi nawo anawatenga n'kuikapo mawu awo a "For He's a Jolly Good Fellow", oyamikira mnzawo paphwando, ndipo ambiri oimba lero sanamvepo za Malplaquet kapena za mayi woyamwitsa uja.