Mwana wanu wayamba kusankha zakudya? Uthenga kwa makolo a mu Mzuzu

M'makomo ambiri ku Chibavi, Katoto ndi Mchengautuwa dandaulo ndi limodzi: "Mwanayu akangoona masamba amanyasitsa nkhope, nsima amangoinyema kawiri basi wakhuta." Tisanamukalipire, tifunse kaye zimene wadya masana. Nthawi zambiri ndalama ya m'thumba imathera pa chiwaya, mandasi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni ang'onoang'ono 8. Mwana wotere pofika madzulo njala alibe, chikhalirecho thupi lake silinapeze zomangira.

Pakati pa zaka 10 ndi 19 mwana amakula mofulumira kwambiri. Mafupa amatalika, magazi amachuluka, ndipo mtsikana akatha msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake tsiku lililonse azidya kuchokera m'magulu onse 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

Kuno zakudyazi sizisowa. Usipa wochokera ku Nkhata Bay, popeza umadyedwa ndi minga yomwe, umalimbitsa mafupa. Nyemba, bonongwe, chisoso, chiwindi ndi mazira zimathandiza magazi. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sitidziwa: tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa mu ndiwo, amene amafunika popanga magazi. Kuzizira kwa June ndi July kumatikakamiza kugwira kapu, inde, koma tiyiyo adikire kaye ola limodzi mukadya. Pa chakudyapo pakhale gwafa, lalanje kapena tomato wosaphika, chifukwa izi zimathandiza thupi kutenga ayironiyo.

Nanga wokana ndiwo timutani? Kukwapula, kuopseza kapena kumuyerekeza ndi mnzake kumangoumitsa mtima. Sinthani kaphikidwe. Wokana nkhwani zofutsa mwina adzadya zotendera, wokana mpiru wowawa muyeseni ndi chayinizi chokazingira tomato ndi anyezi. Muikireni pang'ono m'mbale, akasiya musatekeseke, mudzaikenso tsiku lina. Chakudya chimazolowereka ndi kuchilawa kangapo. Mutumeni kumsika akasankhe yekha ndiwo, mumusiyirenso mthiko kamodzi pa sabata. Zophika yekha sazinyoza. Ndipo muzidyera pamodzi, mafoni ali patali. Bambo amene amakankhira masamba kumbali asadabwe mnyamata wawo akamachitanso chimodzimodzi.

M'mawa asachoke ndi njala. Phala lothira nsinjiro, mbatata yofiira mkati kapena nthochi ndi chibenthu cha peyala n'zokwanira. Ndalama ina ya chipisi isanduke mtedza wokazinga kapena dzira lowiritsa m'chikwama.

Za kunenepa tisamale pakamwa. Mawu ngati "wanenepa ngati chiyani iwe" kapena "waonda ngati nsungwi" amakhala mumtima nthawi yaitali, ndipo ena amayamba kudzimana chakudya mobisa. Mwana amene akukula sayenera kusala kudya kapena kumwa mankhwala ochepetsa thupi otsatsidwa pa Facebook. Chepetsani zotsekemera ndi zokazinga kwa banja lonse, madzi akumwa akhale pafupi. Bungwe la World Health Organization limalangiza mphindi 60 zolimbitsa thupi tsiku lililonse kwa ana a zaka 5 mpaka 17. Mpira, netibo, njinga ndi kuyenda wapansi popita kusukulu, zonsezi zimawerengedwa.

Pitani naye kuchipatala mwamsanga ngati akuonda, akutopa msanga kapena kuchita chizungulire, zikhatho ndi m'maso mwatuwa, msambo waleka, akubisa chakudya kapena kudzisanzitsa akangodya. Zimenezi zimagwiranso anyamata. Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku chipatala cha Mapale, kumene adzamuyeza sikelo ndi msinkhu, ndipo ngati pakufunika adzamutumiza ku Mzuzu Central Hospital. Musaiwale buku lake la kuchipatala.