Mphaka wotola akamatuluka mfundu: yang'anani kaye musanamupake chilichonse

Mphaka amene wakhala akugona pamsika, kuseri kwa chigayo kapena kudzala amafika pakhomo ubweya uli nyankhalala. Mukamusisita kumsana, timamba toyera ngati gaga timatsalira m'manja. Ambiri amatero chifukwa cha njala ndi utitiri, ndipo amachira akayamba kudya bwino. Koma ena amakhala ndi chipere, chomwe chimalowa ana m'nyumba. Ndiye masabata oyambirira musamulole kugona pamphasa ya ana, ndipo aliyense womugwira asambe m'manja ndi sopo.

Nyengo nayo imathandizira. Ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mphepo youma ya June ndi July imaumitsa khungu, ndipo mphaka amakonda kukagona paphulusa pafupi ndi mafuwa. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize ndi kutentha kwa October ndi November kumene kumamuumitsa, makamaka ngati sakupeza madzi akumwa. Mfundu wotere umakhala wofalikira kumsana konse, ubweya suthothoka, ndipo mphakayo sadzikanda kwambiri.

Kuyang'ana kwake

Mutengereni panja masana, mupatule ubweya ndi zala kuyambira pakhosi mpaka patsinde pa mchira. Mukaona timadontho takuda ngati fumbi la makala, tipesereni papepala loyera lonyowa. Tikasungunuka n'kusanduka tofiira, ndi ndowe za utitiri, magazi a mphakayo amenewo. Utitiri umodzi waukazi umatha kuikira mazira mpaka 50 patsiku, ndipo mazirawo amagwera pansi, m'mphasa, m'masaka ndi m'ming'alu. Kamphaka kakang'ono kakhoza kutha magazi ndi utitiri wokha. Kwezani mlomo wake muone nkhama: zikakhala zotuwa m'malo mofiirira, musadikire.

Nkhanambo zokhuthala m'mphepete mwa makutu, kumaso ndi pakhosi, mphaka n'kumadzikanda mpaka kutuluka magazi, nthawi zambiri ndi mphere. Nazo zimayabwitsa anthu m'manja ndi m'mikono kwa kanthawi.

Chipere ndicho tifuna muchiyang'anitsitse. Chimayamba ndi nkhungu yotchedwa Microsporum canis, yomwe imadya ubweya ndi khungu lapamwamba. Pamphaka chimaoneka ngati kadazi kozungulira, kotuwa, kokhala ndi mamba, ubweya wa m'mbali mwake uli woduka ngati wametedwa. Chimakonda kumaso, m'makutu ndi kumiyendo yakutsogolo, ndipo timphaka tating'ono ndi towonda ndito timagwidwa msanga. Choipa chake n'chakuti sichiyabwa kwenikweni, choncho eni ake amangoti ndi chipsera cha ndewu. Amphaka ena amachinyamula popanda dazi n'komwe. Mwana akamunyamula pachifuwa kapena kugona naye, pakapita sabata imodzi mpaka itatu mumaona kabwalo kofiira m'mbali pakhosi, pankhope kapena pamkono, mwinanso kadazi kumutu. Njere za nkhunguyi zimakhala ndi moyo paubweya wothothoka kwa chaka ndi kupitirira, n'chifukwa chake nyumba yosasesedwa bwino imabwezera matenda.

Mwana wa chipere mupite naye kuchipatala chapafupi, ndipo muwauze a zaumoyo kuti pakhomo pabwera mphaka watsopano. Cha pathupi chimamva mankhwala opaka monga clotrimazole kapena miconazole kwa masabata awiri mpaka anayi. Cha kumutu sichimva zopaka zokha, chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, osalekezera panjira ngakhale tsitsi litayamba kumera. Ana asabwerekane chipeso, chipewa kapena lumo.

Zimene zimapha amphaka

Pano ndi pamene amphaka ambiri amafera, m'manja mwa anthu owafunira zabwino. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, ndiye chimene mwamupaka wachimeza. Oyilo wakuda wa galimoto, parafini ndi dizilo zimawotcha khungu ndi kuwononga m'mimba. Dibi wa ng'ombe, mankhwala a thonje, a fodya ngakhale a m'nkhokwe musawayandikize. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin amamunjenjemeretsa, kumukomola, mpaka kumupha. Paracetamol, ngakhale kachibenthu chabe, amawononga magazi a mphaka. Adyo ndi anyezi nazo n'zoipa kwa iye, kaya zaziwisi kaya za mundiwo.

Kumusambitsa kawirikawiri ndi sopo wochapira kumangowonjezera mfundu, chifukwa kumachotsa mafuta a pakhungu. Chipeso chothinana mano ndi kansalu konyowa n'zokwanira.

Chakudya

Mphaka ndi nyama yodya nyama. Nsima yonyika mumsuzi imamukhutitsa koma siimanga khungu, ndipo mawu akuti "adzigwirira yekha makoswe" sathandiza mphaka amene wafika nthiti zili pamtunda. Mupatseni usipa, matemba kapena kapenta wa ku Cahora Bassa, dzira lowiritsa, zam'kati za nkhuku zophika. Mafuta a nsomba amathandiza kubwezeretsa ubweya. Nsomba yamchere ngati chicoa muyambe mwaiviika, muiphike, muchotse minga. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu, kotero m'kambale mukhale madzi oyera tsiku lonse. Wowonda kwambiri azidya pang'onopang'ono, kangapo patsiku. Ngati vuto linali njala, mudzaona kusintha pakatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Kwa alangizi a ziweto

Ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ziweto m'boma lanu, kuli alangizi a ziweto. Pitani nayeni mphaka ali m'dengu lotseka kapena m'katoni yoboola, musamunyamule pamanja. Funsani mankhwala a utitiri olembedwa kuti ndi a amphaka, monga fipronil, ndi a njoka zam'mimba, pakuti mphaka akameza utitiri amatengeramo njoka zija zotuluka ngati timbewu ta mpunga pansi pa mchira. Akapezeka ndi chipere, mankhwala ake amatenga masabata angapo. Nthawi yonseyo azikhala malo amodzi osavuta kukolopa, nsanza zake muzichapa ndi madzi otentha n'kuyanika padzuwa, ndipo pansi muzikolopa ndi javel, amene ena amati jiki, kapu imodzi m'makapu 10 a madzi. Mphakayo alowemo pansi patauma.

Pa ulendo womwewo mubayitseni katemera wa chiwewe, amene amayamba mphaka akakwana miyezi itatu. Mbiri ya mphaka wotola simuidziwa. Akakulumani kapena kukukalani pomupesa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.