Tinjira ta ku Melbourne ndi sitolo ya mabuku ya bambo Cole

Loweruka likakwana ndimanyamula buku limodzi, mwina la fizikisi, mwina lofotokoza zimene Abuda amaphunzitsa pa maganizo a munthu, n'kukalowa m'tinjira ta pakati pa mzinda wa Melbourne, ku Australia. Alendo amene amadzaza Degraves Street ndi Hosier Lane makamera ali m'manja sangakhulupirire kuti kale anthu ankadutsa m'tinjirati atagwira mphuno.

Mzindawu unayamba mu 1835 pa malo a anthu a mtundu wa Wurundjeri. Mu 1837 Robert Hoddle anajambula mapu ake, misewu yowongoka ngati mizere ya m'munda, uliwonse mamita 30 m'lifupi. Bwanamkubwa Richard Bourke ndiye anakakamira kuti pakati pa misewu ikuluikuluyo pakhale timisewu ta mamita 10 tolowera kuseri kwa nyumba. Little Collins, Little Bourke ndi Flinders Lane tinabadwa motero.

Golide atapezeka mu 1851 anthu anakhamukira kuno, malo n'kukwera mtengo. Eni mapuloti anayamba kuwaduladula, aliyense n'kusiya kampata kolowera ngolo ya akavalo. Timipata timeneti ndi timene tinasanduka tinjira, popanda wina wotikonzera mapulani. Usiku munkadutsa ngolo zotolera ndowa za m'zimbudzi, poti mapaipi a zonyansa anayamba kugwira ntchito mu 1897. Fungo lake linachititsa kuti mzindawu aupatse dzina lonyoza loti Smellbourne. Ku Little Lonsdale kunkakhala amphawi, kunalinso nyumba zauhule, pomwe Matchaina anakhazikika ku Little Bourke, kumene Chinatown ili mpaka lero.

Kenaka anthu anasamukira m'madera a kunja kwa tauni, ndipo tinjira tambiri tinamezedwa ndi nyumba zazitali. Totsalato tinapulumuka pamene lamulo la malayisensi a mowa linapepuzidwa mu 1988, komanso khonsolo itayambitsa ndondomeko ya Postcode 3000 mu 1992 yokopa anthu kuti azikhalanso m'kati mwa mzinda. Lendi ya kuseri inali yotsika, choncho achinyamata anatsegulamo timabala ndi timalo tomwera khofi.

Koma mtima wanga uli pa Howey Place, kanjira kamene kanali pafupi ndi sitolo ya mabuku ya bambo Cole. Mu 1883 Edward William Cole anatsegula Cole's Book Arcade ku Bourke Street, sitolo imene inakula mpaka kukatulukira ku Collins Street. Munali oyimba, magalasi osokoneza nkhope, ngakhale anyani! Chimene chimandikhudza n'chakuti anaikamo mipando ndi kulola munthu kuwerenga tsiku lonse osagula kanthu. Ganizirani wonyamula katundu amene alibe ndi khobidi lomwe, atakhala phee ndi buku la nyenyezi m'manja, popanda womuthamangitsa. Bambo Cole ankadziwa umphawi, chifukwa naye anayamba n'kugulitsa mabuku pa kangolo kokankha mumsika.

Cole anamwalira mu 1918, sitolo inatsekedwa mu 1929, koma denga la magalasi limene anafolera nalo Howey Place lilipobe. Sabata yatha mvula inandipezera pomwepo. Ndinatsamira khoma, n'kutsegula pa mutu wonena za mmene kuwala kumapindikira kukalowa m'madzi, madontho akutsetsereka pa magalasi pamwamba panga. Ndinawerenga masamba khumi ndi awiri mvulayo isanakate.