Switch safunsa kawiri: zoyenera kudziwa musanadine Enter

Switch ndi bokosi la mabowo ambiri lomwe limalumikiza makompyuta, maprinta ndi makamera kudzera m'mawaya. Bowo lililonse ndi port. Pa ma switch akuluakulu, monga a Cisco, port iliyonse mumaiuza chochita pochita kulemba malamulo.

Ikakhala yatsopano mumalowa ndi waya wa console, womwe umalumikiza kompyuta yanu mwachindunji ku switch, n'kutsegula pulogalamu ngati PuTTY pa liwiro la 9600. Mukaona chizindikiro cha >, mungathe kuona zochepa chabe. Lembani enable, chisintha kukhala #. Mukalemba configure terminal ndiye mwapatsidwa mphamvu zosintha zinthu.

Tinene kuti printa ili pa port yachisanu ndipo mukufuna ikhale m'gulu la makompyuta a owerengera ndalama, lomwe ndi VLAN 10 (VLAN ndi gulu la zipangizo lopatulidwa kwa zina pa netiweki, ndipo lililonse limakhala ndi nambala yake). Mulemba interface GigabitEthernet0/5, kenako switchport mode access, kenako switchport access vlan 10. Onjezani description n'kulemba kuti ndi printa. Ambiri amachita ulesi pamenepa, koma wodzabwera pambuyo panu sadzadziwa waya uti ukupita kuti.

Chofunika kwambiri ndi ichi: lamulo limayamba kugwira ntchito mukangodina Enter. Switch sikufunsani ngati mwatsimikiza. Pomwe ambiri amagwa ndi pa trunk, waya umodzi wonyamula ma VLAN angapo pakati pa ma switch awiri motsatira muyezo wa 802.1Q. Trunk ikunyamula VLAN 10 ndi 20, inu mukufuna kuwonjezera 30, ndiye mwalemba switchport trunk allowed vlan 30. Lamuloli siliwonjezera ayi, limafufuta mndandanda wonse n'kusiya 30 yokha. Munayenera kuika mawu akuti add patsogolo pa 30. Ngati munalowa muli kutali kudzera pa SSH (njira yolowera mu switch kudzera pa netiweki), ndipo njira yanu imadutsa pa VLAN 10, mwadula nthambi yomwe mwakhalira. Zenera langoti zii, ndipo wina ayenera kunyamuka ndi waya wa console kupita komwe kuli switch.

Mbali inayo ndi yakuti zomwe mwasinthazo sizinasungidwe. Zili mu running-config, mndandanda wa malamulo omwe akugwira ntchito panopa, womwe umakhala mu RAM (mosungira zinthu kwa kanthawi chabe), ndipo magetsi akangothima zapita. Zimakhazikika mukalemba copy running-config startup-config, lamulo lomwe limazikopera mu startup-config, yomwe switch imawerenga ikamayaka.

Amisiri ochenjera amapezerapo mwayi pa zimenezi. Musanayambe kusintha zoopsa muli kutali, lembani reload in 10. Mukadzitsekera kunja, pakatha mphindi 10 switch iziyatsa yokha n'kubwerera ku zomwe zinasungidwa kale. Anthu adandaula kwa kanthawi, inde, komabe ndi bwino kuposa kudikira woti apite komweko pa galimoto. Zikayenda bwino, onani ndi show vlan brief komanso show interfaces trunk, lembani reload cancel, ndipo mukatero sungani.