Mtsinje ukadutsa malire, madzi ake ndi a yani?

Anthu amakonda kutifunsa ife a zamalamulo kuti kodi dziko limene mtsinje wayambira si ndiye mwini madzi? Yankho ndi lakuti ayi, ngakhale kuti maganizo amenewo analipodi. Mu 1895 mkulu wa zamalamulo m'boma la America, Judson Harmon, ananena kuti dziko lake lingachite chilichonse ndi madzi a mtsinje wa Rio Grande popanda kulabadira Mexico. Koma America yemweyo sanakakamire zimenezo. Mu 1906 anasainirana ndi Mexico pangano lomupatsa gawo la madziwo.

Lero mutu wa nkhani uli mu pangano la United Nations la 1997, lomwe linadikira mpaka 2014 kuti liyambe kugwira ntchito, mayiko 35 atalivomereza. M'kati mwake muli mfundo ziwiri zimene zimakokana. Gawo 5 likuti dziko lililonse ligwiritse ntchito madzi mwachilungamo ndi mosapyola muyezo, poganizira zinthu zotchulidwa mu gawo 6 monga kuchuluka kwa anthu odalira mtsinjewo ndi ntchito zomwe zilipo kale. Gawo 7 likuti dziko lisachite zopweteka kwambiri anzake. Mayiko a kumtunda amakonda gawo 5 chifukwa limawapatsa mpata womanga madamu. A kumunsi amagwiritsa gawo 7 ngati chishango. Mawu oti "kwambiri" amenewo ndi omwe amadyetsa maloya, chifukwa palibe anayeza kuti kupweteka kwambiri kumayambira pati.

Mtsinje wa Nile umaonetsa bwino kukokanaku. Mu 1959 Egypt ndi Sudan anagawana madzi awiriwiri: Egypt makyubiki mita mabiliyoni 55.5 pachaka, Sudan mabiliyoni 18.5. Ethiopia, kumene kumachokera madzi ambiri ofika ku Egypt, sanaitanidwe n'komwe. Ndiye atayamba kumanga damu lake lalikulu pa Blue Nile, mtsinje wothira mu Nile, mu 2011, Egypt anati madzi akewo anawapeza kalekale, asakhudzidwe. Ethiopia anayankha kuti pangano limene sanasaine silingamumange manja. Pamenepa, kunena zoona, Ethiopia ali ndi mfundo, pakuti pangano limamanga okhawo amene analowamo. Komabe zimenezi sizimupatsa ufulu wotseka ndi kutsegula madzi mmene wafunira. N'zochititsa chidwi kuti pa voti ya pangano la 1997 lija, Egypt ndi Ethiopia onse awiri sanavotere mbali iliyonse.

Nanga dziko la kumunsi lingaletse damu? Mlandu wa nyanja ya Lanoux mu 1957 unayankha. France ankafuna kupatutsa madzi kuti apange magetsi, kenako n'kubweza madzi ochuluka chimodzimodzi mumtsinje wa Carol wolowera ku Spain. Spain anati ntchitoyo isayambe iye asanalole. Oweruza anakana: France anayenera kukambirana ndi mnzakeyo moona mtima ndi kuganizira zofuna zake, koma chilolezo sichinali chofunikira.

Ine ndimaona kuti mphamvu yeniyeni ya malamulowa ili pa zinthu zooneka zazing'ono, zomwe sizimveka pa wailesi. Dziko lofuna kuyamba ntchito yomwe ingakhudze anzake liyenera kuwadziwitsa nthawi ikadalipo, n'kuwapatsa zolembedwa za akatswiri, kuphatikizapo kafukufuku wa momwe chilengedwe chidzakhudzidwire. Odziwitsidwawo amapatsidwa miyezi 6 kuti aunike ndi kuyankha, ndipo akapempha pa zifukwa zomveka amawonjezeredwa ina 6. Nthawi yonseyo mwini ntchito saloledwa kuyamba kukumba pokhapokha anzakewo atavomera.