Galimoto ikamisa, musathamangire kabureta

"Amakaniko, ikumisa iyi, tangoitcherani kabureta pang'ono." Mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa, ndipo kumisako ndi pamene injini ikudukiza ndi kunjenjemera chifukwa silinda ina siikuyaka bwino. Munthu amafika pa galaja atagamula kale mlandu, ine wangondisiyira kugwira sikuludiraiva. Ndikatsegula boneti ndimapeza kasikuluwu ka mikisicha, kamene kamasintha kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya pa kabureta, mutu wake utaperepeseka, chifukwa aliyense amene anaigwirapo galimotoyo, kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Bangula, anayambira pomwepo.

Tamverani, inu eni magalimoto akalewa, ma Datsun 1200, ma Nissan 1400, ma Peugeot 504, ma Hilux a petulo ndi ma Land Rover omwe akutithandizabe kunyamula thonje ndi mbuzi kuno kuchigwa cha Shire. Kasikuluwu kaja sikadzipotokola kokha. Ngati mwezi watha galimoto imayenda bwino ndipo lero ikunjenjemera, chasintha ndi china. Komanso kasikuluwuko kamangolamulira petulo wa nthawi imene injini ikungolira mutaima. Galimoto ikamamisa pokwera phiri la Thabwa phazi lili pansi, iko sikakhudzidwa n'komwe. Ndipo kabureta ndi imodzi, imadyetsa masilinda onse anayi. Silinda imodzi ikafa zinzake zitatu zikugwira ntchito, kabureta ingasankhe bwanji imodziyo?

Funso loyamba ndi lakuti yafa ndi iti. Injini ikulira, zulani waya wa pulagi mmodzimmodzi ndi pulayala ya mphira kuchogwirira, osati ndi dzanja lonyowa thukuta. Mukazula waya wa silinda yamoyo, injini imagwa mphamvu nthawi yomweyo. Mukazula wina n'kuona kuti palibe chasintha, mwaipeza. Masulani pulagi yakeyo muiyang'ane. Yakuda mwaye wouma ndiye kuti petulo wachuluka kapena moto ndi wofooka. Yonyowa ndi petulo siikuyaka. Yamatope a oyilo ikuloza ku maringi kapena ma gayidi a mavalavu. Koma yoyera mbee ngati yatsukidwa pamene zinzake zili zofiirira, imeneyo ndiyo ndimaiopa, chifukwa nthawi zambiri madzi a mu redieta akhala akulowa m'silindamo. Kenako sinthanitsani: pulagiyo ipite ku silinda ina. Vuto likaitsatira, gulani pulagi, nkhani yatha. Likatsalira pomwepo, sinthanitsani waya. Usiku mumdima tsegulani boneti injini ikulira. Waya wotha amadziulula yekha, mudzaona timoto tabuluu tikudumphira ku chitsulo. Kapu ya distibyuta muiyang'ane mkati, kamzere kakuda kopyapyala kochoka pa phini ina kupita pa inzake ndi njira imene moto ukuthawira.

Mawaya mukawazula onse pamodzi mudzalira, chifukwa simudzadziwanso kuti waya uti ndi wa silinda iti. Injini zambiri za masilinda anayi zimayaka 1-3-4-2, koma pa Peugeot nambala 1 amayambira kumbuyo, ku mbali ya giyabokosi, osati ku redieta. Anyamata ambiri ophunzira ntchito amasokonezeka pamenepa.

Funso lachiwiri, limene eni galimoto safuna kuliyankha mofatsa, ndi lakuti imamisa nthawi yanji. Kuno kwathu yankho lake limandiuza zambiri kuposa chida chilichonse. Galimoto yodzuka bwino m'mawa, n'kuyamba kudukiza mutadutsa Nchalo masana a mu Okutobala dzuwa litapyola madigiri 40, n'kuzima, n'kudzalira yokha mutaipumitsa pamthunzi, imeneyo ikuvutika ndi kutentha. Okayikitsa ndi atatu: koyilo, kondensa, kapena petulo amene akuwira mu paipi asanafike ku kabureta. Kuti musiyanitse, yesani moto pomwe yazimapo, isanazizire. Zulani waya wapakati pa kapu, muuyandikize ku chitsulo cha injini, wina alize. Moto wabuluu wothetheka ukutanthauza kuti magetsi ali bwino, ndiye yang'anani petulo. Nsalu yonyowa pa pampu ya petulo ikaidzutsa, paipiyo yayandikira ekizozi, isuntheni. Moto wachikasu wofooka, kapena kusowa kwake, ndi koyilo kapena kondensa. Mukadikira kufika pa galaja injini itazizira, zonse zidzaoneka zabwino ndipo mudzanditenga ngati sindidziwa ntchito.

Pa koyilo pali cholakwa chimene ogulitsa masipeya sachitchula. Ina inapangidwa kuti ilandire mavoti 12 mwachindunji, ina imafuna rezisita patsogolo pake. Mukaika yofuna rezisita popanda rezisitayo, imatentha moti simungaigwire ndipo imawotcha mapointi, tizitsulo tiwiri ta mu distibyuta timene timatsegula ndi kutseka magetsi a koyilo. Mapointiwo mpata wake pa injini zambiri uli cha pa 0.4 mm kapena kuposera pang'ono, ndipo fumbi la m'misewu yathu limadya kapulasitiki kamene kamawatsegula mpaka mpatawo kutsekeka. Amayezedwa ndi fila geji, tizitsulo topyapyala toyezera mpata. Chikutiro cha bokosi la machesi si chida choyezera.

Nyengo ya mvula ili ndi zake. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tikudziwa mmene madzi anachitira mu 2015, mu 2019, ndi nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023. Galimoto yowoloka madzi imasunga chinyezi mu kapu ya distibyuta, ndipo yoima m'madzi imasunga madzi mu thanki. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi komanso amafewetsa mapaipi akale a mphira mpaka tizidutswa take kukatseka majeti. Onjezerani petulo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa, wina wothiridwa palafini. Khuthulirani pang'ono mu botolo loonekera mkati, muliike pansi kamphindi. Madzi amakhazikika pansi, mzere wake umaoneka ndi maso. Apa ndiye kabureta ingatsegulidwe, kuitsuka, osati kuipotokola.

Tsopano nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero.

Panali madala ena a ku East Bank amene anali ndi Land Rover Series III ya petulo, injini ya 2.25, yogula ndi ndalama zopumira pantchito. Inkanyamula chimanga, nsomba, ndiponso odwala a m'mudzimo usiku msewu ukaipa. Inayamba kumisa pang'ono chabe ikatentha. Madalawo sanazengereze, anapita nayo kwa makaniko wa pafupi, amene anapotokola kabureta n'kukweza aidulo, liwiro la injini galimoto itaima, kuti kunjenjemera kusamveke. Itayambiranso anapita kwa wina, amene anazunguza distibyuta kupititsa taimingi, nthawi imene moto umathetheka, patsogolo. Galimoto inaoneka ngati yapeza mphamvu, koma pokwera inkalira ngati misomali m'chitini, ndipo inayamba kutentha. Wotsatira anachotsa thamositati n'kuwauza kuti zimenezo n'za kumayiko ozizira. Pomaliza wina anawagulitsa kabureta ina yogwiritsidwa kale ntchito. Pofika kwa ine, miyezi inali itapita ndipo thumba linali litauma.

Ndinaika geji ya kompuresheni, yoyeza mphamvu imene silinda ikupanikizira mpweya. Masilinda atatu anali pafupifupi ofanana, koma pa silinda nambala 3 singano inkangogwedezeka pang'ono. Ndinathira kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso, osasintha. Akanakhala maringi, oyiloyo akanatseka mpata kwakanthawi ndipo singano ikanakwera. Ndiye inali valavu. Nditatsegula kava ya matapeti, tizitsulo timene timakankha mavalavu, valavu ya ekizozi ya silindayo inalibe mpata ngakhale pang'ono, pomwe buku limati 0.25 mm.

Mmene zimachitikira ndi motere. Injini zimenezi zinapangidwa nthawi ya petulo wa mtovu, ndipo mtovuwo unkateteza pokhalira valavu pa hedi ya chitsulo. Petulo ameneyo analeka kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa cha mu 2006. Popanda mtovu, pa hedi imene sinaikidwe mipando yolimba, valavu imamira pang'onopang'ono ndipo mpata wa tapeti umatha. Mpata ukatha valavu siitsekanso kwathunthu, makamaka injini ikatentha. Valavu ya ekizozi imazizira pokhudza hedi. Ikalephera kukhala pansi, moto umadutsa m'mphepete mwake n'kuidya. Kumisa koyamba kuja kunali kuitana fila geji ndi sipana, ntchito yosafika ola limodzi. Titachotsa hedi, valavu inali itadyeka mbali imodzi, mpando wake utapsa.

Ndinawauza kuti galimoto iime mpaka hedi ikakonzedwe ku Blantyre. Anandiyankha kuti, "Mwana wanga, ikaima iyi ndalama yokonzera ichokera kuti? Ingobwezerani, ndiyendeko mpaka tigulitse thonje." Ndinakana kuibwezera ili choncho, anaitengera kwina ndipo inabwezeredwa. Silinda yosayaka imalandirabe petulo. Petuloyo amatsuka oyilo m'khoma la silinda, amatsikira mu sampu, oyilo amasanduka madzimadzi, mabeyaringi amayamba kudyana ndi kirankishafuti. Thonje lisanagulitsidwe injini inagogoda, ndipo Land Rover ija ili pa miyala mpaka pano.

Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu ameneyu sanali wosasamala. Nthawi iliyonse ankapita kwa amene amatchedwa makaniko, ndipo nthawi iliyonse ankalipira. Palibe mmodzi mwa iwo anazulako waya wa pulagi kuti adziwe silinda yakufa.

Sindikunyoza aliyense wogwirira ntchito pansi pa mtengo. Ena mwa akatswiri amene ndimawalemekeza alibe ndi denga lomwe. Ndikunena za munthu amene amayamba kumasula asanafunse, amene amakuuzani kuti "tisinthe ichi tione". Kuona kumeneko mukulipira ndinu. Wina amasiya waya wa pulagi utalekana pang'ono ndi pulagi kuti moto udumphe, pulagi ya oyilo iyake. Imayakadi masiku angapo, koma koyilo ikuvutika, ndipo muli ndi moto wapoyera pafupi ndi paipi ya petulo pa galimoto yonyamula anthu. Wina amatseka kumisa pokoka choko, yochepetsa mpweya wolowa mu kabureta, pang'ono. Ngati choko ikuthandiza, mwina mpweya ukulowa poba, pa gasiketi ya manifodi kapena pa kapaipi kong'ambika, ndipo silinda imene ikulandira mpweya wochuluka ikutentha kuposa zinzake. Za thamositati ndatopa nazo kufotokoza. Kuichotsa sikuchiza redieta yotsekeka ndi matope a madzi a pa mjigo, amene m'madera ambiri kuno ndi amchere.

Ndipo inu eni ake, lekani kuzolowera. "Imatero ikadzuka" ndi mawu amene apha injini zambiri kuposa ukalamba. Masipeya a magalimoto amenewa akusowa chaka ndi chaka. Hedi yabwino ya 504 kapena ya Land Rover simungaitole paliponse monga kale. M'mawa uliwonse solani dipisitiki, ndodo yoyezera oyilo, muinunkhize. Oyilo akamanunkha petulo, kapena akamakwera yekha osathira, galimotoyo isanyamule katundu. Akasanduka wotuwa ngati wathiridwa mkaka, redieta ikumafuna madzi tsiku lililonse, ekizozi ikutulutsa utsi woyera ngakhale injini yatentha, gasiketi yapita. Musayese n'komwe kukwera nayo Thabwa poti mukakonzetse ku Blantyre, ikokeni kapena makaniko abwere pomwe ili.

Munthu asanamasule hedi yanu kapena kukugulitsani kabureta, muuzeni ayeze kompuresheni injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsa, thirotolo itatsegulidwa yonse, ndipo akulembereni manambala anayiwo papepala. Akasiyana kupitirira 10 kapena 15 pa 100 alionse, vuto lili mkati. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, ndi gasiketi pakati pawo. Manambala akakhala ofanana, hedi isakhudzidwe, abwerere ku mapulagi, mawaya, mapointi ndi petulo. Ndipo ngati galimoto yanu ndi ya hedi ya chitsulo yakale ija, matapeti aziyezedwa pa sevisi iliyonse, ngakhale ikuyenda bwino.